Ufulu wa Makolo pa Maphunziro a Ana: Poyambira Pake ndi Polekezera Pake

Mphunzitsi woyamba wa mwana aliyense sagwira choko m'manja. Mawu oyamba mwana amawamva ali kumsana kwa mayi wake. Kulandira chinthu ndi manja awiri, kugwada popereka moni kwa akulu, kulemba chizindikiro cha mtanda, zonsezi amaziphunzira pa khonde la kwawo. Koma limafika tsiku lakuti mwana uja atenge kope ndi kulowa m'kalasi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu ena amayamba kufesa mu mtima mwake: aphunzitsi, olemba mabuku, ndi akuluakulu amene amasankha zoyenera kuphunzitsidwa. Masiku ambiri onsewa amafesa mbewu imodzi ndi makolo. Koma nthawi zina makolo amatsegula buku la mwana wawo napezamo zimene mtima wawo sungavomere. Pamenepo womvedwa ndani?

Ku United States of America funso limeneli lakhala likuvuta kwa zaka zoposa 180. Kumeneko sukulu za boma zimayang'aniridwa ndi mabungwe a m'madera, ndipo m'madera ambiri a m'bungwemo amasankhidwa ndi anthu pa voti. M'kalasi imodzi mumakhala ana a zipembedzo zosiyanasiyana, ndi ena opanda chipembedzo. Chifukwa chake mkangano wa buku limodzi suchedwa kusanduka mkangano wa ndale. Phunziro lino likutsata milandu isanu ya m'dziko limenelo, kuti akhristu aone kumene ufulu wa makolo uyambira ndi kumene ulekezera.

1. ZIMENE EKLEZIA AMAPHUNZITSA

Pa 31 Disembala 1929 Papa Pius XI adalemba kalata yotchedwa Divini Illius Magistri, yonena za maleredwe achikhristu a ana. M'kalatamo adafotokoza kuti banja lidalandira kwa Mulungu mwini ntchito yolera ana, ndi kuti ufulu umenewu ndi woyamba kuposa wa boma, pakuti banja lidalipo boma lisanakhale. Pa 10 Disembala 1948 bungwe la United Nations, polemba maufulu a munthu aliyense, lidavomereza mfundo yomweyo m'ndime 26: makolo ndiwo oyamba kusankha mtundu wa maphunziro a ana awo.

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udabwereza chiphunzitsochi kawiri m'chaka cha 1965. M'chikalata cha Gravissimum Educationis, cha pa 28 Okutobala, Aepiskopi adati popeza makolo ndiwo adapatsa ana moyo, iwo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a anawo. M'chikalata cha Dignitatis Humanae, cha pa 7 Disembala, adaonjeza kuti ufulu wa makolo umaphwanyidwa ngati ana akakamizidwa kukhala pa maphunziro otsutsana ndi chipembedzo cha makolo awo. Mfundo imeneyi sadaiikire Akatolika okha, koma banja lililonse. Pambuyo pake Papa John Paul II, mu Familiaris Consortio ya 1981, adati ntchito imeneyi makolo sangaitule yonse kwa ena, ndipo ena sangawalande; makamaka pa zophunzitsa ana za thupi ndi za ukwati, sukulu iyenera kuthandiza makolo, osati kutenga malo awo.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene akatekista asaiwale pophunzitsa. Choyamba, Eklezia sadanenepo kuti boma lilibe mbali pa maphunziro. Boma liyenera kuona kuti mwana aliyense waphunzira, kuti aphunzitsi ndi odziwa ntchito, ndi kuti nzika zikukonzeka kutumikira dziko lawo. Chachiwiri, ufulu wa makolo ndi mapasa ndi udindo. Mwana si katundu wa boma, komanso si katundu wa makolo ake. Iye ndi mwana wa Mulungu, ndipo makolo adangomusungitsidwa. Ufulu adaupatsidwa chifukwa cha ubwino wa mwanayo.

2. PHILADELPHIA, 1844: MAKOLO OCHEPA PAKATI PA AMBIRI

M'sukulu za boma za mu mzinda wa Philadelphia, ana ankayamba tsiku ndi kuwerenga Baibulo la King James, limene ndi la Aprotestanti. Masiku amenewo Akatolika ambiri osauka ankafika kuchokera ku Ireland, ndipo ana awo ankalowa m'sukulu zomwezo. Mu Novembala 1842 Ambuye Francis Patrick Kenrick, Episkopi wa mzindawo, adalembera bungwe la sukulu kupempha kuti ana a Katolika aloledwe kuwerenga Baibulo lawo la Douay, ndiponso asakakamizidwe pa maphunziro ena a chipembedzo. Bungwelo lidayankha kuti mwana amene makolo ake akukana angathe kupatulidwa pa kuwerengako.

Ambuye Kenrick sadapemphe kuti ana a Aprotestanti alandidwe Baibulo lawo. Koma mphekesera idafala yakuti Akatolika akufuna kutulutsa Baibulo m'sukulu, ndipo a chipani chodana ndi obwera adaitola mphekeserayo naiyendetsa m'misonkhano yawo. Kuyambira pa 6 mpaka pa 8 Meyi 1844 kudabuka chipolowe m'dera la Kensington. Nyumba zambiri zidapsa, pamodzi ndi matchalitchi awiri, a St. Michael ndi St. Augustine, ndipo mabuku ochuluka a ansembe a ku St. Augustine adathera pa moto. Mu Julayi chipolowe chidayambanso ku Southwark, mpaka asilikali adalowererapo. Pa zipolowe ziwirizi anthu oposa 20 adafa, a mbali zonse.

Nkhani imeneyi iphunzitsa zinthu ziwiri. Akatolika adalawa okha kuwawa kwa kukhala ochepa m'sukulu imene ambiri akulamula, choncho sayenera kuiwala kuwawako pamene iwo ali ambiri. Ndiponso chimene chidayatsa moto si pempho la Episkopi, koma bodza lonena za pempholo. Zitapita zaka 40, pa msonkhano wa ku Baltimore wa 1884, Aepiskopi a dzikolo adalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi sukulu yakeyake.

3. OREGON, 1925: BOMA SILINGATENGE ANA ONSE

Sukulu za maparishi zitachuluka, ena adafuna kuzitseka. Mu Novembala 1922 anthu a m'chigawo cha Oregon adavomereza pa voti lamulo lakuti mwana aliyense wa zaka 8 mpaka 16 aziphunzira m'sukulu ya boma basi. Gulu la Ku Klux Klan, lodana ndi anthu akuda, Ayuda ndi Akatolika, lidalimbikira kwambiri kuti lamuloli lipambane. Likadayamba kugwira ntchito mu 1926, kholo lotumiza mwana ku sukulu ya Asisitere likadalipitsidwa, kapena kuponyedwa m'ndende.

Asisitere a chipani cha Mayina Oyera a Yesu ndi Maria, amene ankayendetsa sukulu ku Oregon, adakasuma, pamodzi ndi sukulu ina yosakhala ya mpingo. Pa 1 Juni 1925 Bwalo Lalikulu la dziko lonse lidagamula mlanduwo, wodziwika ndi dzina lakuti Pierce v. Society of Sisters, ndipo oweruza onse adagwirizana kuti lamulolo nlosayenera. Iwo adati boma lilibe mphamvu youmba ana onse mu chikombole chimodzi, pakuti amene amalera mwana ali ndi ufulu ndi udindo womkonzera moyo wake. Koma adasiyira boma mphamvu yoyendera sukulu zonse, yolamula kuti ana asakhale pakhomo osaphunzira, ndi yofuna kuti maphunziro ena ofunika aphunzitsidwe. Papa Pius XI adatchula chigamulo chimenechi m'kalata yake ya 1929.

Asisitere aja sadaponye mwala. Adapita ku bwalo, nadikira, napambana. Ndipo chipambano chawo chidateteza Alutera, Ayuda ndi ena onse amene ali ndi sukulu zawo.

4. KANAWHA, 1974: DANDAULO LOMVEKA, NJIRA YOIPA

Kanawha ndi dera la m'chigawo cha West Virginia, dziko la mapiri ndi migodi ya malasha, ndipo mzinda wake waukulu ndi Charleston. Mu 1974 bungwe la sukulu lidalandira mndandanda wa mabuku oposa 300 ophunzitsira Chingerezi. Mayi Alice Moore, mmodzi wa a m'bungwemo, adawerenga ena mwa mabukuwo nadandaula kuti muli mawu otukwana, ndi nkhani zonyoza chipembedzo ndi ulamuliro wa makolo. Anthu okwana ngati 12,000 adasayina kalata yokana mabukuwo, koma mu Juni bungwe lidavomereza pafupifupi onse.

Makolo a kumidzi ya kumapiri adaona kuti ophunzira a mu mzinda akuwayesa mbuli, ndi kuti mawu awo angoponyedwa kunkhongo. Sukulu zitatsegulidwa mu Seputembala, mwana mmodzi mwa asanu alionse sadapite. Anthu a m'migodi zikwi zingapo adanyanyala ntchito. Kenaka zinthu zidaipa: mabasi a sukulu adaomberedwa mfuti, anthu adavulazidwa, ndipo sukulu zina zidaphulitsidwa ndi mabomba a ku mgodi. Mbusa wina wa otsutsa mabuku adagamulidwa kukakhala m'ndende zaka zitatu chifukwa cha chiwembu chophulitsa sukulu. Abusa a m'deralo adagawikana, ena mbali iyi, ena mbali inayo. Mu Novembala bungwe lidabwezera mabuku ambiri m'sukulu, koma lidalola kuti kholo lokana lipatule mwana wake pa buku limene silikulifuna.

Makolo a ku Kanawha adali ndi dandaulo loyenera kumvedwa, ndipo a sukulu adalakwa pochedwa kuwamvera. Koma cholinga chabwino sichiyeretsa njira yoipa. Woteteza mwana ku mawu oipa a m'buku, naika bomba pa sukulu ya mwana yemweyo, wamphunzitsa choipa choposa cha m'bukumo. Chinanso chofunika kuchiona ndi ichi: gulu la Ku Klux Klan, limene mu 1922 lidafuna kulanda makolo a Katolika ufulu wawo, lidafika ku Charleston kudzaima ngati bwenzi la makolo otsutsa mabuku. Si onse oimba nyimbo ya makolo amene ali pa mbali ya ana.

5. ISLAND TREES, 1982: MABUKU A M'LAIBULALE

Buku la m'kalasi mwana amaliwerenga chifukwa walamulidwa. Buku la m'laibulale ya sukulu amalitenga yekha, akafuna. Kusiyana kumeneku kudaonekera pa mlandu wa ku Island Trees, dera la ku Long Island m'chigawo cha New York.

Mu Seputembala 1975 atatu a m'bungwe la sukulu za kumeneko adapita ku msonkhano wa gulu lina la makolo, nabwerako ndi mndandanda wa mabuku amene gululo linkawatcha oipa. Mu 1976 bungwe lidalamula kuti mabuku a pa mndandandawo achotsedwe. Pakati pake padali Black Boy la Richard Wright, lofotokoza ubwana wa munthu wakuda kumwera kwa dzikolo, ndi Slaughterhouse-Five la Kurt Vonnegut, lonena za Nkhondo Yachiwiri. Bungwe lidasankha komiti ya makolo anayi ndi a sukulu anayi kuti awerenge mabukuwo. Komitiyo idati angapo abwezedwe, koma bungwe lidakana malangizo ake ambiri, ndipo mabuku asanu ndi anayi adakhala ochotsedwa. Ophunzira asanu, motsogozedwa ndi Steven Pico, adakasuma.

Pa 25 Juni 1982 Bwalo Lalikulu lidagamula, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, kuti mlanduwo uyenera kuzengedwa. Woweruza William Brennan adalemba kuti bungwe lingathe kuchotsa buku lodzala ndi zolaula, kapena losayenera pa maphunziro a ana, koma silingachotse buku chifukwa chongodana ndi maganizo a m'kati mwake. Oweruza asanu aja sadagwirizane pa chifukwa chimodzi, motero mabwalo aang'ono amamasulira chigamulochi mosiyana. Ku Island Trees bungwe lidabwezera mabukuwo.

Mkanganowu udayakanso kuyambira mu 2021. M'chaka chimenecho, pa chisankho cha bwanamkubwa wa Virginia, Terry McAuliffe adanena pa mtsutso kuti si makolo oyenera kuuza sukulu zoti ziphunzitse. Glenn Youngkin adawagwiritsa ntchito mawuwo pokopa anthu, ndipo adapambana. Mu 2022 chigawo cha Florida chidakhazikitsa lamulo lotchula ufulu wa makolo, loletsa kuphunzitsa ana aang'ono za chikondi cha amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi zina zotere. Bungwe la olemba mabuku la PEN America lidawerenga kuti m'chaka cha sukulu cha 2023 mpaka 2024 mabuku adachotsedwa kapena kutsekeredwa koposa ka 10,000, kuwerengera ndi amene adachotsedwa kwa kanthawi podikira kuunikidwa.

Chimene chidachitika ku Utah chiyenera kukumbukidwa. Mu 2022 chigawocho chidaika lamulo lochotsa m'sukulu mabuku okhala ndi zolaula. Kholo lina losakondwa ndi lamulolo lidakadandaula ku bungwe la sukulu za ku Davis kuti m'Baibulo namonso muli nkhani za chigololo ndi za kuphana. Mu 2023 komiti idachotsa Baibulo la King James m'malaibulale a sukulu za ana aang'ono ndi apakati. Anthu atadandaula, bungwe lidalibwezera mu Juni chaka chomwecho. Baibulo limene anthu adafera ku Philadelphia poopa kuti lichotsedwa, lidachotsedwa chifukwa cha dandaulo lotsamira pa lamulo limene akhristu ambiri adaliombera m'manja. Akale adati: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

6. MARYLAND, 2025: KUPATULA MWANA WAKO

Mu 2022 bungwe la sukulu za ku Montgomery, m'chigawo cha Maryland, lidaonjeza pa maphunziro a Chingerezi timabuku ta nthano ta ana aang'ono, tonena za maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndi za ana odziona kuti si anyamata kapena atsikana monga adabadwira. Poyamba makolo ankadziwitsidwa tsiku lowerenga timabukuto, ndipo ankaloledwa kupatula ana awo. Mu Malichi 2023 bungwe lidathetsa chilolezocho. Lidati opatula ana achuluka kotero kuti aphunzitsi sangathe kuyendetsa makalasi, ndiponso kuti ana ochokera m'mabanja onga a m'nthanozo amachita manyazi poona anzawo akutuluka.

Makolo achisilamu, a Katolika ndi a mpingo wa Orthodox adagwirana manja nakasuma. Pa 27 Juni 2025 Bwalo Lalikulu lidagamula mlanduwo, wotchedwa Mahmoud v. Taylor, oweruza asanu ndi mmodzi kutsutsana ndi atatu. Woweruza Samuel Alito adalemba kuti kukakamiza ana aang'ono pa maphunziro otsutsana ndi chipembedzo chimene makolo akuwalera nacho kumalemetsa ufulu wa makolowo wa kupembedza. Motero, mlandu uli m'kati, bungwe lizidziwitsa makolo ndi kuwalola kupatula ana awo. Woweruza Sonia Sotomayor, polembera atatu otsutsa, adachenjeza kuti sukulu zidzavutika, ndi kuti zina zidzangosiya mabuku ambiri poopa milandu.

Bwalo silidalamule kuti timabukuto tichotsedwe, ndipo makolo aja sindicho adapempha pa bwalo. Pempho lawo lidali lofanana ndi la Ambuye Kenrick la mu 1842: adziwitsidwe, ndipo ana awo apatulidwe.

7. ZOPEMPHA ZITATU ZOSIYANA

Milandu isanuyi ionetsa kuti pansi pa mawu amodzi akuti "ufulu wa makolo" pamabisala zopempha zitatu, ndipo kulemera kwake nkosiyana.

Choyamba ndi kusankhira mwana sukulu. Uwu ndi ufulu wosakayikitsa, umene Asisitere a ku Oregon adauteteza. Koma kholo losauka, losatha kulipira sukulu ina, limakhala nawo ufuluwu pa pepala pokha. Nchifukwa chake Msonkhano wa ku Vatican udapempha maboma kuti agawe chithandizo chawo mwachilungamo, kuti makolo asankhe momasukadi.

Chachiwiri ndi kudziwa zimene mwana akuphunzira, ndi kumpatula pa phunziro lolimbana ndi chikhulupiriro cha banja. Uwunso ndi ufulu weniweni, makamaka pa za chipembedzo ndi za ukwati, ndiponso mwana akali wamng'ono. Koma si khomo lothawira phunziro lililonse lovuta. Mbiri ya ukapolo ndi yowawa, koma ndi yoona. Mwana wotsekedwa maso pa zoona sadatetezedwe, wangosiyidwa wosakonzeka.

Chachitatu ndi kuchotsa buku kuti mwana aliyense asalione. Apa kholo silikulankhulanso za mwana wake yekha, koma za ana a anzake, amene makolo awo ali ndi ufulu wofanana ndi wake. Nzoona kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mkhristu sangakhale chete buku la zolaula lili pa alumali ya ana a zaka zisanu ndi ziwiri. Kunena kuti buku lakutilakuti siliyenera msinkhu wakutiwakuti si nkhanza. Aphunzitsi ndi osunga mabuku amasankha motero tsiku ndi tsiku. Koma pa chachitatuchi kholo limalankhula ngati nzika imodzi pakati pa nzika zinzake. Liyenera kupereka zifukwa zomveka kwa onse, kutsata njira yoikidwa, ndi kulola kuti ena ayankhe. Kholo limodzi lolamula ana onse a m'dera likuchita chomwecho chimene likudandaula kuti boma lachita.

Eklezia mwini ali ndi mbiri pa nkhani imeneyi. Kuyambira mu 1559 adali ndi mndandanda wa mabuku oletsedwa, ndipo womaliza udasindikizidwa mu 1948. Mu 1966, pa nthawi ya Papa Paul VI, mndandandawo udaleka kukhala lamulo la Eklezia. Udatsala udindo wa mtima wa mkhristu aliyense wopewa zoononga chikhulupiriro ndi makhalidwe. Kale kwambiri, m'zaka za m'ma 300, Basil Woyera wa ku Caesarea adalangiza anyamata achikhristu ophunzira mabuku a Agriki akunja. Sadawauze kuti awatenthe, koma kuti atsanzire njuchi, imene imatenga pa duwa chokhacho chopangira uchi ndi kusiya zotsalazo. Kuphunzitsa mwana kusankha kotere ndi ntchito yaitali kuposa kuchotsa buku, koma ndiyo imene imamperekeza mwana kumene makolo sangafike.

8. ZOYENERA KUCHITA MAKOLO NDI AKATEKISTA

Kholo liwerenge lokha. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ku Philadelphia anthu adafa chifukwa cha mphekesera, ndipo ku Island Trees mkangano udayamba ndi mndandanda wolembedwa ndi ena. Asanadandaule, bambo kapena mayi aone buku lonse, osati mzere umodzi woduliridwa pa telefoni. Wosadziwa kuwerenga apemphe katekista kapena mkhristu wina wokhulupirika kuti amuwerengere.

Kholo liyambe ndi mphunzitsi. Ambuye Yesu adalangiza kuti wolakwiridwa ayambe wakambirana ndi mnzake pa awiri, asanaitane ena. Aphunzitsi ambiri nawonso ndi makolo, ndipo kawirikawiri si iwo adasankha bukulo. Zikakanika pamenepo, nkhani ipite kwa mphunzitsi wamkulu, kenaka ku komiti ya sukulu.

Kholo lisunge lamulo lachisanu ndi chitatu. Kunamizira mphunzitsi, kumuipitsira mbiri pa gulu, kapena kumuganizira zoipa popanda umboni, ndi tchimo ngakhale wochitayo akuteteza chikhulupiriro. Chimodzimodzi, pokana chiphunzitso cha m'buku, mkhristu asanyoze anthu amene bukulo likuwanena. Katekisimu wa Eklezia wa 1992 amalamula kuti otere alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo mwana wochokera m'banja lililonse sayenera kusekedwa pa bwalo la sukulu.

Kholo lipezeke pa misonkhano ya sukulu mkangano usanabuke. Woonekera tsiku la phokoso lokha mawu ake amapepuka. Amene adathandiza kuumba njerwa za kalasi ndi kufunsa za mayeso a ana chaka chonse, akadandaula amamvedwa.

Kholo lichenjere ndi a ndale. Iwo angathe kunena zoona, ndipo mkhristu ali ndi ufulu wowasankha. Koma wofuna voti amapindula mkangano ukakula, pamene mwana amapindula mkangano ukatha. Chisankho chikapita, mwana amatsala m'kalasi yomweyo ndi mphunzitsi yemweyo.

Pomaliza, kholo liphunzitse pakhomo. M'mera mpoyamba. Lero mwana angathe kupeza pa telefoni zoipa zoposa za m'laibulale iliyonse, ndipo palibe bungwe la sukulu lingamchotsere zimenezo. Mwana wozolowera kufunsa bambo ndi mayi wake popanda mantha, wopemphera nawo madzulo, woona chikondi ndi chilungamo m'nyumba, ali ndi muyeso woyesera zonse zimene adzawerenga. Makolo omenyera ufulu wawo ku sukulu, koma osakhala pansi ndi ana awo, akulondera nkhokwe imene sadaikemo chimanga.

Akatekista athandize mabanja pa zonsezi m'miphakati ndi pa maphunziro a ofuna ukwati, pakuti pa tsiku la ukwati ndi pa tsiku la ubatizo wa mwana makolo amalonjeza pamaso pa Eklezia kuti adzalera ana awo m'chikhulupiriro. Lonjezo limenelo adzafunsidwa iwo, osati boma.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chifukwa chiyani Eklezia amatcha makolo aphunzitsi oyamba a ana awo? Nanga boma lili ndi mbali yotani?
2. Kodi Ambuye Kenrick adapempha chiyani mu 1842, ndipo mphekesera idati adapempha chiyani?
3. Makolo a ku Kanawha adakhoza pati, ndipo ena mwa iwo adalakwa pati?
4. Pali kusiyana kotani pakati pa kupatula mwana wako pa phunziro ndi kuchotsa buku kwa ana onse?
5. Kodi zimene zidachitikira Baibulo ku Utah mu 2023 zichenjeza akhristu za chiyani?
6. Ndi makolo angati mu mphakati amene adatsegulapo mabuku a ana awo chaka chino?